Wailesi ikamalankhula, wina ali maso paphiri

Wailesi ikazima mwadzidzidzi pakati pa nkhani za madzulo, kapena mpira uli mkati, chinthu choyamba chimene anthu ambiri amachita ndi kuimenya khofi. Ikapanda kuyankha, ena amatulutsa mabatire n'kuwayanika padzuwa, ena amakoka eriyo, ena amayamba kunyoza muulutsi ngati kuti ndiye wathawa pantchito. Ndi ochepa amene amaganiza zoti mwina vuto lili kutali, pamwamba pa phiri, m'kanyumba momwe muli makina otchedwa transmitter, ndi kuti nthawi yomweyo pali munthu amene wadzambatuka kutulo, wanyamula chikwama cha zipangizo ndipo wayamba kale kukwera chitunda mumdima.

Munthu ameneyu dzina lake silitchulidwa pawailesi. Omvera samupatsa moni, sapemphedwa kukayendetsa mwambo wa ukwati, ndipo pamsika palibe amene amamuloza chala kuti ndi uja wa pawailesi. Komatu popanda iye, muulutsi wotchuka amangolankhula yekha m'chipinda chotseka ngati munthu wobwebweta kutulo. Akuluakulu adati nkhwangwa ikhulupirira mpini. Pankhani ya wailesi, mpiniwo ndi mmisiri wa transmitter.

Nkhani ya amisiriwa si yongofuna kuwaombera m'manja ayi. Zimene zidagwera dziko lino mu 2022 ndi mu 2023 zidaonetsa poyera kuti pali masiku ena pamene moyo wa banja umadalira uthenga umodzi wa pawailesi. Ngati zili choncho, munthu amene amasunga wailesi kuti isazime ayenera kuonedwa ngati wantchito wopulumutsa miyoyo, ndipo makina amene amayang'anira ayenera kutetezedwa ngati mjigo kapena chipatala cha m'dera. Padakali pano sizili choncho.

Njira imene mawu amadzera

Kuti munthu amvetse kulemera kwa ntchitoyi, ayenera kudziwa kaye mmene mawu amayendera. Muulutsi akalankhula m'situdiyo ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu, mawu ake salunjika kunyumba za anthu. Amayamba atumizidwa ku transmitter, mwina kudzera pa timbale tija timaoneka pansanja, mwina pa setilaiti, mwinanso pa intaneti. Akafika kumeneko, makina amawabereketsa pa mafunde a magetsi osaoneka ndi maso n'kuwapatsa mphamvu. Kenaka nthambo yonenepa imatenga mphamvuyo kukwera nayo pamwamba pa nsanja, pomwe pali eriyo yomwaza mafundewo. Mafundewa amathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi. N'chifukwa chake chigoli chikalowa pa Bingu National Stadium, wa ku Nsanje ndi wa ku Chitipa amafuulira limodzi.

Wailesi zambiri m'dziko muno zimamveka pa FM, pakati pa nambala 87.5 ndi 108. Mafunde a FM ali ndi khalidwe limodzi lovuta: amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi. Phiri likawatchinga, anthu a kuseri amangomva phokoso. Nsanja ya mamita 30 yomangidwa pachidikha imafikitsa mawu pamtunda wa makilomita 20 kapena kuposerapo pang'ono, pamene eriyo yomweyo itaikidwa paphiri lotalika mamita 1,000 kuposa dera lozungulira ikhoza kupitirira makilomita 100, ngati makina ali ndi mphamvu zokwanira.

Ichi ndicho chifukwa chake nsanja zidachuluka pa Mpingwe ku Blantyre, paphiri la Zomba, paphiri la Dedza ndi kumtunda kwa Chikangawa. Ndichonso chifukwa chake wailesi imodzi imamveka pa nambala zosiyana m'maboma osiyana. Wapaulendo wochoka ku Limbe kupita ku Karonga amasinthasintha nambala chifukwa akuchoka m'manja mwa transmitter ina kulowa m'manja mwa inzake. Wailesi yomveka dziko lonse, tsono, si nyumba imodzi ya m'tauni. Ndi unyolo wa makina omwazikana m'mapiri, ndipo mphete imodzi ikaduka, maboma angapo amagontha nthawi imodzi.

Ntchito yosaoneka ikamayenda bwino

Gawo lalikulu la ntchito ya mmisiriyu ndi kupewa vuto lisanagwe. Akafika pamalopo amawerenga manambala a pamakina n'kuwalemba m'buku. Awiri mwa manambalawo ndi ofunika kwambiri: mphamvu imene ikutuluka, ndi mphamvu imene ikubwerera. Madzi a mvula akalowa mu nthambo, kapena mphepo ikapinda eriyo, gawo lina la mphamvu limalephera kutuluka ndipo limabwerera m'makina. Likachuluka limawotcha ziwalo zodula kwambiri. Makina amakono amatha kudzichepetsera mphamvu kapena kudzizimitsa okha zinthu zikafika potero, koma palibe makina amene amadzikonza okha. Mmisiri watcheru amaona nambala ikusuntha pang'onopang'ono sabata ndi sabata, n'kudziwa kuti kumwamba kwa nsanja kwayamba vuto omvera asanamve kanthu.

Mdani wina ndi kutentha. Magetsi onse olowa mu transmitter sasanduka mafunde. Ena amasanduka moto umene umayenera kutulutsidwa kunja. Fani ikaima, kapena sefa ikatsekeka ndi fumbi la mu Okutobala, makina amapsa ngati galimoto yoyenda yopanda madzi. Palinso makoswe amene amatafuna mawaya, njoka zokonda kufunda kwa makina, njuchi zomanga zisa pansanja, ndi moto wolusa wa osaka mbewa umene umafika pampanda ngati udzu sudalambulidwe. Mmisiri yemweyo amayang'ana mafuta ndi oilo mu jenereta, n'kuiyesa ngati ingadzuke magetsi a ESCOM atathima. Amaonetsetsanso kuti nyali zofiira za pamwamba pa nsanja zikuyaka, kuti oyendetsa ndege aione usiku.

Ntchito ina ndi kusunga wailesi m'malire ake. Bungwe la MACRA limapatsa wailesi iliyonse nambala yake ndi mlingo wa mphamvu imene ikuloledwa kutulutsa. Transmitter yosasamalidwa imasefukira m'munda mwa anzake, ndipo omvera amamva wailesi ziwiri zikulimbana pamalo amodzi. Choopsa kwambiri n'chakuti pomwe FM imathera, pa 108, mpamene pamayambira mafunde amene ndege zimadalira poyenda ndi potera. Choncho munthu wosunga transmitter akutetezanso anthu amene sakumvera wailesi n'komwe.

Ntchitoyi ili ndi ngozi zake. Muli magetsi otha kupha munthu kamodzi n'kamodzi, ndipo ziwalo zina zimasungabe magetsi ngakhale makina atazimitsidwa. Kukwera nsanja kumafuna lamba wolimba, chisoti ndi mnzako wodikira pansi. Eriyo imene ikuulutsa imatha kuwotcha thupi popanda lawi looneka, kotero munthu asanaiyandikire mphamvu imayenera kuchepetsedwa kapena kuzimitsidwa. Poti wailesi zambiri zimabwereka malo pansanja imodzi, wokwerayo amayenera kugwirizana ndi onse, chifukwa eriyo ya mnzake ikhoza kumuvulaza yake itazima.

Pamwamba pa zonsezi pali mphenzi. Nsanja yachitsulo pansonga ya phiri ndiyo chinthu chachitali kuposa china chilichonse m'deralo, ndipo mphenzi imafikira pomwepo. Chimene chimapulumutsa makina ndi anthu ndi mawaya a kopa amene amatsika ndi nsanjayo n'kukwiriridwa pansi, kuti mphamvu ya mphenzi ilowe m'nthaka. Mawaya amenewa akapanda kukhalapo, mvula imodzi yokha ikhoza kusandutsa makina a mamiliyoni ambiri kukhala makala.

Mbiri imene idadutsa m'manja mwawo

Wailesi idafika kwa anthu wamba a dera lino kudzera ku Lusaka. Kumeneko kudali Central African Broadcasting Station imene inkaulutsa m'zinenero za Afirika, kuphatikizapo Chinyanja, ndipo inkamveka mpaka ku Nyasaland. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku Britain, mogwirizana ndi Harry Franklin amene ankayang'anira zofalitsa nkhani ku Northern Rhodesia, idatulutsa wailesi yotsika mtengo yooneka ngati sefuliya, yotchedwa Saucepan Special. Dziko lino litalandira ufulu mu 1964, MBC idakhazikitsidwa, ndipo achikulire ambiri akukumbukira wailesi za Nzeru zimene zinkalumikizidwa konkuno.

Masiku amenewo mawu ankayenda kwambiri pa mediamu wevu ndi pa shotiwevu, mafunde amene amafika kutali makamaka usiku, ngakhale amamveka mosalongosoka poyerekeza ndi FM. Kwa zaka zoposa 30, pafupifupi nkhani iliyonse yaikulu inkafika kumudzi kudzera pa wailesi imodzi yokhayo. Zotsatira za referendamu ya pa 14 June 1993, ngakhalenso mawu a Dr Hastings Kamuzu Banda ovomera kugonja pachisankho cha mu May 1994, zidafika m'makutu mwa Amalawi chifukwa panthawiyo makina ankayaka. Mabuku a mbiri adalemba mayina a olankhula. Amene adasunga makinawo usiku wonse sadalembedwe paliponse.

Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 1998, lomwe lidabereka MACRA, lidatsegula chitseko. Radio 2 FM idali itayamba kale mu 1997. Mu 1998 kudabwera Power 101 ndi wailesi ya m'dera ya Dzimwe m'boma la Mangochi, mu 1999 Capital FM ndi Radio Maria, ndipo mu 2005 Zodiak. Pambuyo pake wailesi za m'madera zidamera ponseponse, monga Mudziwathu ku Mchinji, Mzati ku Mulanje, Nyanthepa ku Nsanje ndi Tuntufye ku Karonga. Ichi ndi chitukuko chonyaditsa. Koma wailesi iliyonse yatsopano imatanthauza makina enanso ofuna munthu wodziwa kuwasamala, ndipo apa mpamene ambiri oyambitsa wailesi amaiwala. Amaganizira za maikolofoni, nyimbo ndi aulutsi, n'kukumbukira mmisiri tsiku limene utsi watuluka.

Tsiku limene wailesi imafunika koposa

Chitsime chimadziwika kuya kwake chikaphwa. Mu January 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la pa Kapichira mumtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 a magetsi. Malo opangira magetsiwo adakhala osagwira ntchito kwa nthawi yoposa chaka, ndipo kuthimathima kwa magetsi kudafika poipa. Mu March 2023 namondwe wa Freddy adagwetsa mapiri ndi nyumba m'chigawo cha kummwera, ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre, ku Chiradzulu, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 600 adatsimikizika kuti adafa, enanso oposa 500 adasowa, ndipo oposa theka la miliyoni adathawa m'nyumba zawo. Misewu idaduka, milatho idakokoloka, magetsi adathima m'madera ambiri.

Pamasiku ngati amenewa nyuzipepala siyenda, kanema sayaka, ndipo foni ikatha moto palibe kokaitchaja. Chimene chimatsala ndi kawailesi ka mabatire awiri kapena ka sola. Chenjezo la nthambi yoona za nyengo, malangizo a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi onena kokathawira, uthenga wa mlatho umene waduka ndi wa abale amene apezeka amoyo, zonsezi zimadalira kuti transmitter ikhale ikuyaka. Ndipo komwe magetsi adathima, transmitter iliyonse imene idapitiriza kulankhula idatero chifukwa cha jenereta, mabatire kapena sola, komanso chifukwa cha munthu amene adakonzeratu zinthuzo kunja kukadali kowala.

Vuto lagona pakuti nthawi imene wailesi imafunika koposa ndi nthawi yomweyonso imene imakhala pafupi kuzima. Mphepo imene ikusasula madenga ndi yomweyo imene ikugwedeza eriyo. Mvula imene ikudzadza mitsinje ndi yomweyo imene ikudula msewu wopita kuphiri, kotero mafuta a jenereta akatha, palibe galimoto imene ingafikeko. Chenjezo lochedwa ndi maola awiri likhoza kupeza madzi atalowa kale m'mudzi, ndipo madzi akatayika saoleka.

Si namondwe yekha. Sukulu zitatsekedwa mu March 2020 chifukwa cha Covid-19, boma lidatembenukira ku wailesi kuti ana a pulayimale apitirize kumva maphunziro. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023, umene udapha anthu oposa 1,700, udafunanso kuti uthenga wa madzi aukhondo ndi wothamangira kuchipatala ufike mwamsanga kumidzi. Mlimi wofuna kudziwa mitengo ya mbewu ndi nthawi yoyamba mvula akudaliranso njira yomweyi.

Ena angatsutse ponena kuti nthawi ya wailesi idatha, lero n'za WhatsApp ndi Facebook. Ali ndi mfundo yawo. Kalembera wa 2008 adapeza kuti pafupifupi nyumba ziwiri mwa zitatu zilizonse zidali ndi wailesi, pamene wa 2018 adapeza nyumba imodzi yokha mwa zitatu, ndipo nyumba zoposa theka zidali ndi foni yam'manja. Koma kalembera yemweyo wa 2018 adaonetsanso kuti anthu 84 mwa 100 alionse ankakhala kumidzi, ndi kuti nyumba zoyatsa magetsi zidali pafupifupi 11 zokha mwa 100. Komanso mafoni ambiri otsika mtengo ali ndi wailesi ya FM mkati mwake, imene sifuna mayunitsi kapena bandulo. Wailesi yasintha maonekedwe chabe. Ikumveka m'thumba mwa wakabaza, mu minibasi, mu golosale ndi pachigayo. Chinanso n'chakuti transmitter imodzi imalankhula ndi anthu 100 kapena miliyoni pamtengo umodzi, osadzadza ngati netiweki ya foni aliyense akamaimba nthawi imodzi.

Umphawi ndi umbava

Chodandaulitsa n'chakuti ntchito yofunika chonchi ikugwiridwa movutikira. Pafupifupi chiwalo chilichonse cha transmitter chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja. Kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, ndi 44 peresenti mu November 2023, kutanthauza kuti chipangizo chomwecho chidakwera mtengo kawiri konse pa miyezi 18 yokha. Kusowa kwa mafuta a galimoto kumene kwavuta dziko lino kangapo kuyambira 2022 kudakhudzanso majenereta a m'mapiri. Mu 2022 wailesi zingapo zidalandidwa ziphaso chifukwa cholephera kulipira ndalama za ku MACRA, chizindikiro chakuti matumba a wailesi zambiri ndi obooka.

Ndalama zikachepa, chimene chimayamba kudulidwa ndi chosaoneka. Ulendo wokayendera makina umaimitsidwa, chipangizo chosungira padera sichigulidwa, lamba wokwerera nsanja amagwiritsidwabe ntchito atatha, ndipo mmisiri mmodzi amapatsidwa malo ambiri otalikirana oti aziyang'anira. Uku ndi kusunga tambala n'kutaya kwacha. Sefa yotsika mtengo ikapanda kusinthidwa, chimene chimapsa ndi chiwalo chimene chingatenge miyezi kuti chifike kuchokera kunja. Pamiyezi imeneyo otsatsa malonda amathawa, omvera amasamukira kwina, ndipo wailesi imasauka kuposa kale.

Vuto lina ndi lochititsa manyazi chifukwa limachokera pakati pa anthu omwe wailesi ikuwatumikira. Pali anthu amene amaba mabatire, masola, mafuta a jenereta ndi mawaya a kopa pansanja. Wokumba waya wa kopa amakaugulitsa pa sikelo n'kupeza ya mowa wa tsiku limodzi, osadziwa kuti wasiya makina ndi anthu ogwira ntchito pamalopo m'kamwa mwa mphenzi. Batire yobedwa kuphiri imakathera pamsika, m'nyumba yoonetsera kanema kapena yometera tsitsi, ndipo wogulayo amadziwa bwino kuti katundu wotere sagulitsidwa mtengo umenewo. Wakubayo, wogulayo ndi amene adaona n'kukhala chete, onse ndi amodzi. Tsiku la chigumula, nyumba zawo zomwe zidzasowa chenjezo.

Zoyenera kuchitika

Eni wailesi ndiwo oyamba. Ndalama za kusamala makina zisamakhale zotsalira pambuyo pa zonse. Wailesi imene ikutha kulipira mphoto za mipikisano ikhozanso kugula lamba, chisoti ndi nsapato zoyenera. Kuyambira 1997 dziko lino lili ndi lamulo loteteza moyo ndi umoyo wa anthu pantchito, ndipo lamulolo silithera pachipata cha fakitale, limafikanso pamwamba pa nsanja. Munthu asatumidwe yekha usiku kukagwira magetsi amphamvu, ndipo asakakamizidwe kukwera kumwamba kukuchita ziphaliwali chifukwa choti bwana akufuna pulogalamu ya otsatsa malonda imveke. Wailesi zazing'ono zimene sizingathe kulemba mmisiri wawowawo zikhoza kugwirizana m'chigawo n'kulemba mmodzi kapena awiri odziwa bwino ntchito, n'kusungira limodzi zipangizo zapadera. Mutu umodzi susenza denga.

Boma ndi MACRA ali ndi mbali yawo. Lamulo la zofalitsa mauthenga la mu 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, lomwe cholinga chake ndi kufikitsa mauthenga kumadera osafikidwa bwino. Palibe ntchito yoyenera thumba limeneli kuposa kuika sola ndi mabatire odalirika pa matransmitter a m'madera osefukira madzi, monga chigwa cha Shire, Phalombe, Salima ndi Karonga, ndi kuphunzitsa amisiri a wailesi za m'madera. Pokonzekera nyengo ya mvula chaka chilichonse, makomiti oona za ngozi m'maboma azidziwa kuti transmitter yotumikira anthu awo ili pati, ili ndi mafuta a masiku angati, ndipo woiyang'anira ndani. Mafuta akasowa, malo amenewa aziwerengedwa pamodzi ndi zipatala ndi maambulansi. Msonkho wa zipangizo zokonzera makinawa uyeneranso kuunikidwa, chifukwa phindu lake limabwerera kwa anthu onse.

Mafumu ndi anthu okhala m'tsinde mwa mapiri nawo asaone nsanja ngati katundu wa alendo. Komiti ya chitetezo ya m'mudzi imene imalondera mbuzi ndi chimanga ikhozanso kutchera khutu ku zochitika kuphiri. Ogula zitsulo zakutha azifunsa komwe waya wachokera, ndipo apolisi asamazengereze nkhani zotere zikawapeza. Eni nsanja nawo azilemba alonda ochokera m'midzi yomweyo ndi kuwalipira panthawi yake, kuti anthu aone kuti chinthucho n'chawo.

Mawu omaliza apite kwa makolo. Ana ambiri amalota zokhala aulutsi chifukwa ndiwo amamveka. Koma pafupifupi pamsika uliwonse pali mnyamata kapena mtsikana amene amakonda kumasula mawailesi akufa, kulumikiza mawaya a tochi ndi kufunsa chifukwa chimene foni imatenthera. Mwana wotere asamangokalipiridwa kuti ndi woononga. Alimbikitsidwe pa masamu ndi fizikisi, chifukwa ndiwo makiyi a ntchitoyi. Sukulu zophunzitsa ntchito zamanja pansi pa TEVETA zimaphunzitsa za magetsi, ndipo MUBAS, imene kale inkatchedwa Polytechnic, imaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi ndi zamauthenga. Luso limeneli silithera pawailesi pokha. Likufunika ku makampani a mafoni, ku kanema, kubwalo la ndege ndi pa ntchito za sola zimene zikuchuluka m'dziko muno. Atsikana asatsalire. Makina safunsa ngati dzanja lowakonza ndi la mwamuna kapena la mkazi, amangofuna mutu wodekha ndi munthu wotsata ndondomeko. M'mera mpoyamba.

Achinyamata ofuna ntchitoyi adziwiretu kuti si ya ofuna kutchuka. Ikagwiridwa bwino palibe amene amadziwa, ikalakwika boma lonse limadandaula. Imafuna munthu wodzuka pakati pa usiku osanyinyirika, wolemba zoona m'buku ngakhale palibe womuona, ndi wokana kugulitsa lita imodzi ya mafuta a jenereta ngakhale kunyumba kutavuta. Amisiri achikulire amene adagwira makina akale a mediamu wevu akupuma pantchito mmodzimmodzi. Nzeru zawo zisapite nawo kumudzi. Wailesi ndi sukulu zaluso ziwaitane kuti asule achinyamata nthawi ikadalipo.

Pa 13 February chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira tsiku la wailesi, ndipo m'dziko muno tsikuli limagwa pakati pa dzinja, nthawi ya anamondwe. Pamwambo wotere amene amakhala kutsogolo ndi aulutsi ndi mabwana, ndipo palibe cholakwika. Koma chikondwerero chenicheni chingakhale kufunsa mafunso atatu mvula isanayambe: kodi jenereta ya kuphiri idzuka, kodi mawaya a mphenzi alipobe, nanga munthu wokakonza ali ndi zomuyenereza? Namondwe wina adzabwera ndithu, chosadziwika ndi tsiku lake lokha. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mafunsowa ayankhidwe kunja kukadali kouma.